Achemwali a ku Mabvuku afunsa za timeshare ya malemu bambo awo

Imelo yafika kuchokera kwa achemwali ena a ku Mabvuku, ku Harare kuno ku Zimbabwe, dzina sinditchula. Bambo awo anatisiya chaka chatha, anasiya timeshare (ufulu wogona pa malo a tchuthi nthawi yoikika chaka chilichonse) ya sabata imodzi ku Kariba, levi (ndalama yolipira chaka ndi chaka yosamalira malowo) ya zaka ziwiri sinalipidwe, ndiye pali munthu wawaimbira foni kuti wogula alipo kale koma atumize kaye madola 350 a mapepala. Akufunsa ngati atumize.

Achemwali, pepani kwambiri ndi zovutazo. Ndalama imeneyo musatumize, olo dola imodzi. Ndayamba ndi yankho chifukwa nkhani iyi imandiwawa mumtima ndipo ndili ndi zambiri zoti ndinene.

Amalume anga ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Willowvale, ndiye nthawi ya ESAP ija, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, m'ma 1990, anthu akuchotsedwa ntchito mwaunyinji, iwonso anapatsidwa kandalama kawo nkuwauza kuti basi zikomo. Pasanapite nthawi kunabwera kalata yoti awina mphoto, akatenge pa hotela ina mtauni koma apite ndi akazi awo. Anatchena jekete yawo ya kutchalitchi, azakhali chitenje chatsopano ndi duku. Kumeneko anawapatsa tiyi ndi masikono, kuwaonetsa zithunzi za nyanja ya ku Durban, ana akusewera pamchenga, kenaka mnyamata wa tayi kukhala nawo pa tebulo maola angapo osawasiya mpata woti akambirane awiri, akungoti mtengo uwu ndi wa lero lokha, mawa ukwera, ndipo mukatopa nayo mudzagulitsa mopindula. Amalume anasaina. Pobwera anali ndi fayilo ya buluu, ndipo ndikukumbukira mmene anaitsegulira pa tebulo madzulo ake, kuloza ndi chala pomwe panali dzina lawo nkumati onani, ine ndili ndi malo ku South Africa.

Anapitako ndithu zaka zoyambazo, pa basi kudzera ku Beitbridge, ndipo anasangalala, zimenezo sindingakane. Chithunzi cha azakhali atanyamula nsapato m'manja mapazi ali m'madzi chinakhala pakhoma mpaka kutha mtundu. Koma levi inali ya ma rand, ndipo imakwera chaka ndi chaka kaya mwapita kaya simunapite. Itafika 2008, nonse mukudziwa, ndalama yathu ikutha mphamvu uli pamzere wa buledi, penshoni ya amalume sinkakwana olo ya kombi yopita mtauni, koma makalata a levi osasiya kubwera, ena ali ndi chiwongoladzanja pamwamba. Anayesa kugulitsa. Ejenti wina anawauza kuti alipire ya kulengezetsa, anabwereka kwa anzawo a ku sosaiti ya maliro nkulipira, foni ya munthuyo sinayankhidwenso. Wachiwiri anabwera ndi nkhani ya mzungu wa ku London amene akufuna sabata yomweyo ndendende. Chimodzimodzi. Munthu wamkulu, woti pa maliro a Amalawi kuno ndi amene ankaimirira kuyankhula, anafika pomabisa makalata pansi pa matiresi kuti ana asaone. Tinawapeza iwo atapita kale.

Ndiye ine ndikamva munthu akuti timeshare ndi chuma, magazi amawira. Si chuma ayi. Ndi tchuthi cholipiriratu chomwe chimabwera ndi bilu ya chaka chilichonse, basi. Nyumba ya ku Mufakose olo ing'ambike makoma pansi pake pali dothi ndipo dothilo limakwera mtengo. Apa nthawi zambiri mulibe ndi title deed yomwe, chikalata cha umwini wa malo, muli ndi ufulu wogona sabata imodzi, kapena masheya mu kampani yomwe ili ndi nyumbazo ngati zimakhalira ku South Africa pansi pa lamulo la share block la 1980, kapena mapointi chabe omwe sungawaloze kuti ali apa. Ndipo pa mtengo woyamba uja gawo lalikulu ndi la otsatsa malonda, komishoni ya mnyamata wa tayi, tiyi ndi masikono aja. Mukangosaina gawo limenelo lapita, wogula wachiwiri sangakubwezereni. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ku America anthu amaika ma timeshare awo pa eBay, msika wa pa intaneti, pa dola imodzi, ena mpaka kulonjeza kulipira okha ndalama yosinthira dzina, bola levi ichoke pakhosi pawo.

Koma sindiwaseka makolo athu, ndipo amene amawaseka sadziwa kumene tachokera. Agogo athu anabwera kuno kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena wapansi kudutsa Tete, kudzagwira m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu. Anzathu Achishona ikafika Khrisimasi amakwera basi pa Mbare Musika kupita kumudzi kwawo, kuli munda, kuli khola, kuli manda a makolo. Ife ambiri kumudzi kwathu ndi Mbare yomweyo, Tafara, Dzivarasekwa. Chitupa cholembedwa alien, kutanthauza mlendo, munthu wobadwira kuno, lamulo la unzika litasintha mu 2001 ambiri kulandidwa ndi voti yomwe, mpaka konsitityushoni ya 2013 ndi imene inadzakonzako zinthu kwa obadwira kuno makolo awo ali a m'maiko a SADC. Munthu wokula chonchi ukamuonetsa pepala la dzina lake ndi chithunzi cha nyumba pafupi ndi madzi, ukumugwira pamtima penipeni. Ogulitsa amadziwa kuwerenga njala ya munthu, ndipo kwa ine limenelo ndi tchimo, kaya lamulo likuloleza.

Sindikunena kuti onse amene ali nayo akulira. Pali mayi wina timapemphera limodzi, ali ndi sabata ya mu Ogasiti ku Nyanga, masukulu atatseka, chaka chilichonse amanyamula adzukulu, mbaula ya gasi, ufa, nkhuku, ulendo kudzera ku Rusape. Iwo anaigula kwa munthu amene ankasamukira kunja, motchipa kwambiri, ndipo amadziwa kuti akulipira tchuthi osati kusunga ndalama. Amenewo ali bwino. Ngati munthu ukufunadi timeshare, gula kwa munthu wotopa nayo, osati pa tebulo la ku hotela, koma uwerengere kaye levi ya chaka nkuifananiza ndi mtengo wongochita buku (kusungitsa) malo omwewo sabata imodzi. Ngati zikusiyana pang'ono, nchifukwa chani udzimange?

Sabata yanu ndi iti?

Apa ndi pamene pagona mtengo. Makampani osinthanitsa masabata, ngati RCI yomwe inayamba mu 1974 ku America, amagawa nyengo ndi mitundu, red ndi nthawi imene aliyense akufuna, white ndi pakati, blue ndi nthawi yopanda anthu. Sabata 51 ndi 52, za Khrisimasi ndi Nyuwere, kapena ya Pasaka, wogula amapezeka. Sabata ya mu Febuluwale ana ali kusukulu mvula ikugwa, olo kupereka ulere anthu amakana chifukwa levi yake nthawi zambiri siisiyana kwenikweni ndi ya masabata ofunidwa aja. Ndipo kusinthanitsa komweko si kwaulere, pali ya umembala ya pachaka ndi ina pa kusintha kulikonse, zimene pogulitsa sanena mokweza.

Ku South Africa madandaulo anachuluka mpaka National Consumer Commission inachita kafukufuku mu 2017, lipoti linatuluka kumapeto kwa 2018, ndipo chimene anthu ankalira kwambiri ndi makontrakiti osatha, oti munthu sungatulukemo, komanso mapointi oti ukafuna kuchita buku amati malo adzadza. Zomwe zinawachitikira amalume zinali za anthu ambirimbiri, iwo ankangoona ngati ndi iwo okha opusa, nchifukwa chake ankabisa. Ine ndimati tiziyankhula zimenezi poyera, ku tchalitchi, ku sosaiti, m'magulu a WhatsApp, manyazi ndi amene amadyetsa akamberembere. Ndipo dziwani kuti manambala a eni ma timeshare amayenda m'manja mwa anthu, nchifukwa chake munthu wosamudziwa akudziwa kuti bambo anu anali nayo. Mukalipira 350 padzabwera ya msonkho, kenaka ya loya, kenaka wina adzaimba kuti akuthandizeni kubweza zomwe munabedwa, nayenso pa mtengo.

Tsono achemwali chitani izi. Ejenti weniweni amadya komishoni malonda akatheka, osati asanayambe, ndiye wa foniyo muuzeni adule pa ndalama ya wogulayo, muona mmene azimiririre. Katundu wa malemu sagulitsidwa chisawawa, chuma cha masiye chilembetsedwe kaye kwa Master of the High Court ndipo pasankhidwe executor, woyendetsa chuma cha malemu, ameneyo ndi amene angasaine. Ngongole ya malemu imalipidwa kuchokera pa chuma chomwe anasiya, ndiye musasaine pepala lililonse losinthira dzina kubwera kwa inu musanaonane ndi loya, a Legal Resources Foundation kapena Legal Aid Directorate amathandiza amene alibe ndalama. Pezani kontrakiti muone ngati ndi ya zaka zowerengeka kapena yosatha. Kenaka lemberani ofesi yoyang'anira malowo, pa imelo kuti pakhale umboni, akupatseni sitetimenti ya levi, muwafunse ngati amalandira sabata yobwezedwa komanso ngati amalola kubwereketsa. Ngati sabata yanu ikugwa mu Okutobala nthawi ya mpikisano wa tiger fish, alendo amasowa pogona ku Kariba ndipo lendi yake ikhoza kuthandiza kutseka levi. Mundilembere nambala ya sabatayo ndi zomwe kontrakiti ikunena pa zaka, tione ngati nkoyenera kufuna wogula kapena kungoibweza.