Injini ya Boti Ikutsokomola

Funso: Akulu, injini ya boti langa lomwe ndimawedzera ku Lake Chivero ikutsokomola. Silinda imodzi ikuphonya, ndipo moto wa pulagi ndi wofooka. Ndiyambire pati?
Wowerenga wa ku Kuwadzana, Harare

Yankho: Achimwene, chotsani pulagiyo muione. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, mwina mukuchulutsa oilo; injini zambiri za 2-stroke zimafuna 50:1, kutanthauza magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oilo. Kenako sinthanitsani koilo yake (kachipangizo kokweza mphamvu ya magetsi opita ku pulagi) ndi ya silinda ina. Vuto likasamukira ku silinda inayo, koiloyo yatha. Likatsala pa silinda yomweyo, kayikirani CDI (kabokosi kotumiza magetsi ku koilo) kapena trigger (kachipangizo kouza CDI nthawi yotumizira magetsiwo).

Pa spark tester (chida choyezera moto wa pulagi), moto wabwino umakhala wabuluu, wolumpha mpata wa mamilimita pafupifupi 10. Koma musanagule chilichonse, palani dzimbiri pa waya wa earth (wolumikizidwa ku chitsulo cha injini), poti chinyezi cha pamadzi chimaudya msanga.