Musanaitanitse chainsaw ya m'katoni, imvani za yanga yoyamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene akufuna kuitanitsa chainsaw ya m'katoni, ija imabwera ili zidutswazidutswa kuti munthu amange yekha, yotengera MS 660 ya Stihl, kampani yopanga makina ochekera mitengo. Akufunsa ngati makina otere angadalirike, kapena ngati mnzawo akunena zoona kuti ndi zinyalala zongotayirapo ndalama. Achimwene, ndinafuna kukuyankhani m'mizere iwiri, koma mawu akuti zinyalalawo andikhala pamtima masiku onsewa, chifukwa inenso ndinauzidwa zomwezo pamene ndinkayamba.

Malume anga anali wocheka matabwa. Ndili mwana ndinkawapititsira chakudya kunkhalango ya paini ku Dedza, kumene ankacheka ndi sowo yaitali ya anthu awiri, wina ataima pamwamba pa chipika, wina ali m'dzenje utuchi ukumugwera kumaso. Mphamvu zitayamba kuchepa anagula Stihl 038 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inawatumikira mpaka tsiku limene inazima pakati pa chipika n'kukana kuliranso. Makaniko anawauza kuti yanoka, ndipo mtengo wa silinda ndi pisitoni zenizeni unali woti sakanaukwanitsa. Anaikulunga m'thumba la feteleza n'kuikankhira kunsi kwa bedi, ndipo inakhala komweko mpaka iwo anatisiya. Pogawa katundu panalibe amene anaifuna kupatula ine.

Nditachotsa ekizozi n'kusuzumira pabowo, ndinaona pisitoni ili ndi mikwingwirima ngati yakandidwa ndi zikhadabo, ring'i itamatirira mumpata mwake. Ndinagula silinda ndi pisitoni za mamilimita 52 zopangidwa ku China, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi zenizeni, ndipo ndinatha madzulo angapo ndikumanga patebulo la pakhonde. Tsiku limene inalira ndinaizimitsa msanga, n'kukhala pansi kwa nthawi yaitali osalankhula, chifukwa kulira kwake kunali komwe kuja ndinkakumva ndikamayandikira kunkhalango ndi mbale za malume. N'chifukwa chake sindingavomereze kuti zipangizo zimenezi zonse ndi zinyalala. Ma Stihl 038 ndi 070, ma Husqvarna 61 ndi 272 ambiri amene akuchekabe matabwa m'madera mwathu muno akanakhala ataponyedwa kalekale pakanapanda zimenezi.

Kupambana kumeneko kunandipatsa mtima woitanitsa makina athunthu, a mtundu womwewo mukufuna inuwo. MS 660 ndi chilombo cha makina: injini ya 91.6 cc, pisitoni ya mamilimita 54, yopangidwira mitengo ikuluikulu ndi kucheka matabwa. Katoni itafika ndinapeza timatumba tapulasitiki tambirimbiri, mabawuti osakanikirana, timasipuling'i tosadziwika kolowera, popanda ngakhale pepala limodzi la malangizo. Ndinachita kufufuza buku la amakaniko la MS 660 ndi chithunzi chosonyeza malo a chipangizo chilichonse, ndipo popanda ziwiri zimenezi musayerekeze n'komwe kuyamba. Ndinagoneka mabering'i mufiriji usiku wonse n'kutenthetsa crankcase, chibokosi chimene silinda imakhalapo, kuti alowe osamenyedwa ndi hamala. Ndinasalaza m'mphepete mwa mabowo a m'silinda kuti ring'i isakole. Ndinaonetsetsa kuti muvi wa pamutu pa pisitoni waloza ku ekizozi. Ndinalowetsa kawaya kofewa kowotcherera mawaya pabowo la pulagi, n'kuzunguza injini kuti kaphwanyike, ndipo nditakayeza ndinapeza mpata woposa pang'ono theka la milimita pakati pa pisitoni ndi denga la silinda, womwe ndi wabwino. Pakati pa koyilo ndi flywheel, gudumu lozungulira limodzi ndi injini, ndinapanapo kakhadi kopyapyala pomanga, kuti mpata ukhale wa pafupifupi mamilimita 0.3.

Chinthu chimodzi chokha ndinachidumpha, ndipo ndinachidumpha ndikudziwa. Injini ya two-stroke, ija yothira petulo wosakaniza ndi oyilo, imafunika kuyezedwa ngati sikuba mpweya isanathiridwe petulo, koma ine ndinalibe pampu yoyezera, ndipo mtima unali utathamangira kale kukamva kulira kwake. Inalira pa kukoka kwachinayi. Ndinadula nayo bulugamu wogwa ndi mphepo kumunda kwa mlamu wanga, ndipo thanki yoyamba ndi yachiwiri zinatha bwinobwino. Pa yachitatu ndinamva kuti ndikasiya kuponda moto injini ikuchedwa kutsika, tcheni ikuyendabe yokha, ndipo kulira kwake kwasanduka kosongoka. Ndinadziuza kuti ndimalize chipika chimenecho kaye. Sindinachimalize. Inazima, chingwe chinakana kukokeka, ndipo nditachotsa ekizozi ndinaona mikwingwirima yomwe ija ndinaiona pa makina a malume.

Nditaphwasula ndinapeza kuti mlomo wa seal ya mbali ya klatchi, kamphira kotchinga kuti mpweya usalowe mu injini, unapindika pamene ndinkailowetsa. Pamenepo mpweya unkalowera mwakuba, petulo n'kuchepa poyerekeza ndi mpweyawo, ndipo popeza oyilo wa injini zotere amayendera limodzi ndi petulo, pisitoni inauma, inatentha, n'kusiya aluminiyamu wake pakhoma la silinda. Anthu amene anandichenjeza za zinyalala anasangalala kuti mawu awo akwaniritsidwa, koma ine ndinali nditaona ndi maso anga kuti cholakwa chinali cha manja anga.

Apa ndi pamene maganizo anga anakhazikika, ndipo sindiwasinthanso. Kampani imene Andreas Stihl anayambitsa mu 1926, ngakhalenso Husqvarna ya ku Sweden, sizikugulitsani zitsulo zokha. Mbali yaikulu ya mtengo umene mumalipira ndi ya anthu amene amayeza zipangizo, kutaya zolakwika, ndi kuliza makina asanatuluke mufakitale. Mukagula za m'katoni, ntchito yonseyo imagwera inu. Katoni imodzi imabwera ndi silinda yosalala bwino, ina imabwera ndi utuchi wa zitsulo m'ngodya za crankcase, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti yanu idzakhala iti. Choncho amene amati zonse ndi zinyalala akulakwa, koma amene amati n'chimodzimodzi ndi yeniyeni akulakwa koposa, chifukwa bodza lawolo likhoza kuvulaza munthu.

Ndikunena za kuvulaza chifukwa cha buleki ya tcheni. Nsonga ya bar, chitsulo chachitali chimene tcheni imayendapo, ikagunda chinthu, makina amadumpha n'kubwerera kumaso kwa wocheka mwachangu choti dzanja silingaletse, ndipo chokhacho chimene chimaimitsa tcheni ndi kalamba kachitsulo kamene kamagwira ng'oma ya klatchi. Ine ndimaiyesa buleki imeneyi injini isanalire, ndimaiyesanso ikulira, ndipo ikangochedwa pang'ono ndimachotsa lamba ndi sipuling'i n'kuikamo zenizeni, zivute zitani. Ndipo ndili ndi mawu owawa kwa anthu amene amamanga makinawa, n'kumatapo zilembo za Stihl, n'kukagulitsa kwa wocheka matabwa wakumudzi ngati enieni. Kumeneko ndi kuba. Munthu amene wagulitsa ng'ombe kuti agule makina ayenera kudziwa chimene akugula, ndipo makina anga onse omanga ndekha alibe dzina lililonse pathupi pake.

Pali nkhani inanso imene anthu a kunja amene amalemba za makinawa sangakuuzeni monga momwe imatikhudzira kuno. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa mphira wosalimba, kotero kuti kapaipi ka petulo kakhoza kung'aluka, ndipo timphira topyapyala ta mukabuleta tikhoza kuuma makina akakhalitsa ndi petulo m'kati. Kapaipi kakang'aluka, zotsatira zake n'zofanana ndi za seal yanga ija. Choncho ndikadziwa kuti makina akhala masabata angapo osagwira ntchito, ndimakhuthula thanki n'kuwaliza mpaka azime okha. Oyilo ndimagwiritsa ntchito wa two-stroke wa injini zozizira ndi mpweya, osati wa galimoto ngati mmene ena amachitira. Stihl imalangiza muyezo wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, koma pa makina omanga ndekha ndimathira 40:1, mamililita 25 pa lita.

Zimene ndimasintha ndisanayambe kumanga

Zipangizo zazikulu monga crankcase, thanki ndi zotchingira za pulasitiki ndimagwiritsa ntchito za m'katoni momwemo nditazitsuka bwino. Zimene ndimagula zenizeni ndi tinthu ting'onoting'ono timene tikalephera timawononga injini yonse: timawaya tiwiri totsekera pini ya pisitoni, kabering'i ka pini yomweyo, ma seal, mapaipi a petulo ndi a impulse (kapaipi kochokera ku crankcase koyendetsa kapampu ka petulo ka mukabuleta), mphira wolumikiza kabuleta ndi silinda, ndi kavavu kochepetsera kulimba kwa chingwe poliza. Pa maring'i, ambiri mwa anzanga amakonda a Caber a ku Italy, ndipo pulagi ndimaika NGK BPMR7A yokhala ndi mpata wa mamilimita 0.5.

Kuyeza mpweya kuja tsopano ndimachita pa injini iliyonse, ndipo sikovuta monga ndinkaganizira. Ndimadula tizidutswa tiwiri ta chubu cha njinga totsekera mabowo, kamodzi ndimapana kuseri kwa ekizozi, kena kuseri kwa kabuleta, pulagi ili yomanga, kenako ndimapopa kudzera pa paipi ya impulse mpaka geji ifike pa 0.5 bar, muyezo wa mphamvu ya mpweya. Muvi ukamatsika ndimapaka thovu la sopo pa ma seal ndi pa gasiketi, ndipo pamene pakuba pamatuluka timathovu. Ndikatero ndimatembenuza pampu kuti ikoke mpweya, chifukwa seal ina imagwira bwino ikamakankhidwa koma imataya ikamakokedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi khumi zimenezi zikanapulumutsa silinda yanga. Potchuna kabuleta, sikuluwu ya H, yoyang'anira petulo injini ikamalira mwamphamvu, ndimaisiya yopatsa petulo wochulukirapo pang'ono, kuti injini izimveka yokhakhala ikamalira popanda katundu, n'kuyera mawu ikangolowa mumtengo.

Tsono yankho lanu, achimwene, ndi ili. Ngati makinawa ndi oti azidyetsa banja lanu tsiku ndi tsiku, funani yeniyeni, ngakhale yakale, muikonze ndi zipangizo zosankha bwino. Ngati mukufuna kuphunzira mmene injini imapumira ndipo muli ndi nthawi, itanitsani, koma pamtengo wa katoni muonjezerepo wotumizira, msonkho, tizipangizo ndatchula tija, pampu yoyezera, chipewa chokhala ndi chotchinga kumaso ndi buluku lotetezera miyendo. Ma seal muitanitse anayi m'malo mwa awiri, ndipo mukafika pa 0.5 bar mundilembere kuti muvi waima kapena ukutsika.