Mwana wanu anabadwa pa 6 Julaye, bambo anga anachita kudzisankhira tsikulo

Mayi wina wa ku Bangwe wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi akwanitsa zaka 12 pa 6 Julaye, ndipo watopa ndi kumangouzidwa kuti "unabadwa tsiku la ufulu". Mayiwa akufuna kudziwa zina zimene zinachitika pa tsikuli, amene anabadwa ndi amene anamwalira, kuti akamuuze mwanayo.

Mayi, kalata yanu ndakhala nayo masiku anayi osayankha. Mayankho ndinali nawo ndithu, koma deti mwatchulalo ndi limene lili pa chiphaso cha unzika cha malemu bambo anga, chonsecho iwo sanabadwe tsiku limenelo.

Bambo anabadwira ku Lirangwe, njira ya ku Zalewa. Ukawafunsa agogo ankangoti "chaka cha njala", kutanthauza 1949, pamene mvula inadula m'midzi ya kuno ku Blantyre, amuna n'kuchoka kukasaka chakudya, ena osabwereranso. Mayi amene akuganiza zoti mawa aphika chiyani sangasunge mwezi ndi deti. Choncho bambo anakula, anakwatira, anatilera tonse asanu, tsiku lobadwa alibe.

Mu 2017, nthawi ya kalembera wa ziphaso, ndinawaperekeza pasukulu ya pulayimale ya kwathu. Tinafika dzuwa lisanatuluke, tinalowa cha m'ma 11 koloko. Mnyamata wa pa kompyuta anafunsa mwaulemu, "Agogo, munabadwa liti?" Anayankha kuti chaka cha njala. Ine ndinathandizira kuti 1949. "Nanga mwezi ndi tsiku?" Bambo anavula chipewa n'kumachitembenuzatembenuza pabondo. Mnyamata uja poona mzere panja anati, "Tingolemba 1 Januwale, agogo." Bambo anadzutsa mutu. "Iyayi mwanawe. Lemba 6 Julaye."

Pobwerera anandifotokozera nkhani imene ndinali nditaimva kambirimbiri koma osaimvetsa. Mu 1964 anali ndi zaka 15. Amalume awo, amene ankagwira ntchito ku Limbe, anawatenga kupita ku bwalo la masewero la ku Chichiri, limene lero timati Kamuzu Stadium. Unali usiku wa pa 5 kuchezera pa 6. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, anabwera kudzaimira mkazi wake, koma bambo sanamuone n'komwe, anthu anali nyomi kutsogolo kwawo. Chimene sanaiwale ndi kuzizira. Mukudziwa Julaye wa ku Blantyre. Analibe nsapato, anali ndi kabudula wa khaki yekha ndi shati, mpaka amalumewo anavula jekete n'kuwafunditsa. Pakati pa usiku mbendera ya Angelezi inatsika, yathu yakuda, yofiira ndi yobiriwira ija inakwera ndi dzuwa lake lotuluka. Mayi wina amene anaima pafupi nawo ankaimba nthungululu misozi ili chuchuchu. Bambo ankati, "Ndinayamba kuwerengedwa ngati munthu usiku umenewo."

Tsikulo silinagwe mwangozi. Pa 6 Julaye 1958 ndi pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka, atakhala kunja zaka zoposa 40. Chichewa chinali chitawathawa pakamwa, ankalankhula Chingelezi wina n'kumamasulira, koma mawu oti "Kwacha!" aliyense anawamva. Anaitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress, anthu ngati Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linawamanga n'kukawatsekera ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, mu 1960 anatuluka, chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963. Pa 6 Julaye 1966 dziko linasanduka lipabuliki, Kamuzu n'kukhala pulezidenti, chipani n'kutsala chimodzi. Ndipo pa 6 Julaye 1971 analumbira kukhala pulezidenti wamuyaya.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa, mayi. Ana timawauza za 1964 zokha, 1971 timaidumpha ngati dzenje la pamsewu. Ndi deti limodzimodzi! Ufulu usanathe ndi miyezi itatu yomwe, nduna zimene zinamenya nawo nkhondoyo zinali zitachotsedwa kapena kutula pansi maudindo: Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi, Yatuta Chisiza, Willie Chokani, Chipembere, ndi mayi Rose Chibambo, amene anali wachiwiri kwa nduna. Chipembere anafera ku America mu 1975. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Lero mukakwera minibasi ku Limbe kupita m'tauni mumadutsa pa chipilala cha ufulu pa Chichiri, ndipo msewu umene chipilalacho chaimapo ndi Masauko Chipembere Highway. Tsiku lililonse anthu zikwizikwi amadutsa pamenepo, kondakitala akukuwa, ana a sukulu atapanikizana, koma ndi angati amene angakuuzeni kuti mwini dzina la msewuwo anathawa m'dziko lake lomwe patangopita nthawi yochepa chilandirire ufulu? Mwana wa zaka 12 si khanda. Ngati angathe kuloweza mayina a mitsinje ya m'Malawi, angathenso kumva kuti munthu mmodzi yemweyo anatithandiza kuchotsa atsamunda, kenako n'kutiopseza zaka 30, mpaka munthu sungalowe mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Kumubisira zimenezi ndi kumunamiza, ndipo ine sindivomereza.

Bambo anga, ndinene zoona, za 1971 sankazikamba. Ndikaziyambitsa ankangoti, "Zimenezo zisiye," n'kuyang'ana kukhomo, ngakhale zipani zambiri zinali zitabwera kalekale mu 1993. Mantha aja anapita nawo kumanda. Koma usiku wa jekete uja sanalole kuti wina awalande. Ndinkakangana nawo ndili mnyamata, ndimvekere ufulu wake uti, mchere tikugulabe wa pakapu. Ankandisiya ndilankhule mpaka nditope.

Palinso 6 Julaye wina amene sindingamudumphe, ngakhale ndikudziwa kuti ndinu kholo. Mu 2017, pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu, anthu anapondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe pofuna kulowa kukaonera mwambo ndi mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Anthu asanu ndi atatu anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Tinamva pa wailesi tili pakhonde. Bambo anatseka wailesiyo, nsima yamadzulo sanaikhudze. Iwonso anali atalowapo m'bwalo la masewero ali mwana, pa deti lomwelo, atagwiridwa dzanja. Chaka chilichonse tikamaonerera asilikali akuguba pa TV, ine ndimadikira kuti wina atchule ana amenewo.

Za kunja, zimene munafunsa

Imene ndingayambe nayo kwa mwana ndi iyi. Pa 6 Julaye 1885, ku Paris, Louis Pasteur anayamba kubaya katemera wa chiwewe kamnyamata ka zaka 9, Joseph Meister, kamene kanalumidwa ndi galu wachiwewe. Nthawi imeneyo matendawa akangoyamba kuonekera, munthu ankangodikira imfa. Mnyamatayo anapulumuka. Mwana wanu akadzaona anthu akubaya agalu katemera ku Bangwe konko, adziwe kuti nkhaniyo ikukhudzana ndi tsiku lake.

Obadwa pa tsikuli ndi Frida Kahlo, mayi wojambula zithunzi wa ku Mexico, mu 1907. Dalai Lama, mtsogoleri wa Abuda a ku Tibet, mu 1935. Ndi George W. Bush, pulezidenti wakale wa America, mu 1946. Louis Armstrong, katswiri woliza lipenga, anamwalira ku New York pa 6 Julaye 1971, tsiku lomwe lija kuno tinkalumbiritsa wamuyaya. Nkhondo ya Biafra ku Nigeria inayamba pa 6 Julaye 1967. Ndipo tili ndi anzathu ogawana nawo chikondwerero: zilumba za Comoros zinalengeza ufulu wawo kuchoka m'manja mwa France pa 6 Julaye 1975.

Musankhepo ziwiri kapena zitatu, musamuthire zonse. Kenako mumuuze zimene palibe buku lingamuuze, zimene mukuzidziwa inu nokha: kuti matenda anakuyambani nthawi yanji, anakuperekezani ndani kuchipatala pa tsiku la tchuthi minibasi zikusowa, kunali chiperoni kapena dzuwa, analira koyamba nthawi yanji, anamufunditsa chitenje cha ndani. Muzilembe m'kope, muikemo deti. Ngati agogo ake alipo, amufotokozere kumene anali mu 1964. Ine agogo anga sindinawafunse kuti bambo anabadwa chimanga chili pati, chikumera kapena chikufota m'munda, ndipo funso limodzi lokhalo likanatipatsa mwezi.

Bambo anatisiya mu 2021. Pokonza chiliza tinasemphana maganizo ndi achimwene anga aakulu. Iwo ankati tilembe chaka chokha, 1949, chifukwa pamanda sitilembapo bodza. Ine ndinapita kuchipinda, ndinatsegula kachitini kamene bambo ankasungamo mapepala awo, ndinatenga chiphaso chija n'kuchiika patebulo. Achimwene anachiyang'ana nthawi yaitali. Mmisiri atabwera, anamuwerengera okha zoti alembe: 6 Julaye 1949.