Conscience, conscious ndi dilemma: yankho kwa mayi wa imelo

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti polemba kalata kuntchito adaika "my conscious is clear", bwana nkuzunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira. Akufunsa chomwe chidalakwika, komanso ngati "dilemma" ndi vuto lililonse.

Mayi, bwanayo sadakulakwireni. Chikumbumtima pa Chingerezi ndi "conscience". Koma "conscious" amanena za munthu amene ali maso, yemwe sadakomoke, kapena amene akuzindikira chinthu. Mawuwa amamveka ofanana pakamwa, nchifukwa chake ambiri timapunthwa. Palinso "conscientious", kunena munthu wosamala pa ntchito yake. Mawu amenewa mukawalemba bwino pa CV, mwapindula.

Mukafuna kunena kuti mtima wanu uli mbee, lembani "my conscience is clear". Ena amati "clean", ndipo akumveka, koma Angerezi adazolowera "clear". Pamene ife timati chikumbumtima chikunditsutsa, iwo amati "I have a guilty conscience", kapena kuti nkhaniyo ili "on my conscience", ngati katundu wosenza. Samalani kamawu ka "on". "In my conscience" sizimveka choncho. Mawu amene ine ndimawakonda pokana mwaulemu ndi awa: "I cannot in good conscience sign this." Apo mwanena kuti mtima sukukulolani kusaina, popanda kutukwana aliyense.

Mwina mudamvaponso "prisoner of conscience", munthu womangidwa chifukwa cha maganizo kapena chikhulupiriro chake osachita chiwawa. Mawuwa adatchuka ndi Peter Benenson, amene adayambitsa bungwe loteteza ufulu wa anthu la Amnesty International mu 1961. Bungweli lidamutcha choncho Jack Mapanje, wolemba ndakatulo wa ku Malawi, pamene anali m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

Tsono za "dilemma". Mawuwa adachokera ku Chigiriki, ndipo "di" ndi ziwiri. Ndi njakata ya njira ziwiri zonse zowawa: mwaona mlongo wanu akuba ndalama za kampani, mukaulula banja lisweka, mukabisa mwanama. Imeneyo ndiyo "moral dilemma", ndipo mumati "I am facing a dilemma" kapena "I am in a dilemma". Masiku ano ena amagwiritsa ntchito mawuwa pa vuto lililonse, koma m'kalata ya kuntchito musatero. Kusowa minibasi m'mawa ndi "problem" basi. Ndipo polemba ikani m awiri, osati "dilemna", chifukwa bwana wanuyo cholembera chofiira chija akadali nacho.