Nyimbo zanu zikufananiranji? Yankho kwa mnyamata wa ku Limbuli

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Limbuli. Dzina lake ndisunga. Amaimba tenala m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo patha chaka tsopano akupeka nyimbo zakezake pafoni. Analemba motere: "Kale ndinkapeka nyimbo ndikupalasa njinga kupita ku Muloza, ndipo iliyonse inkamveka mwayokha. Chiikireni app yopangira biti m'foni mwanga, nyimbo zonse zikungomveka ngati imodzi. Anzanga akuti vuto ndi app yaulere, ndigule FL Studio Mobile kapena ndisake iPhone. Kodi app imapha luso? Nanga ndisankhe iti?"

Achimwene, zikomo pondilembera, ndipo musanagulitse mbuzi kuti mupeze foni ina, tiyeni tikambirane kaye. Luso lanu silinafe. Munthu amene luso lamuthera sazindikira n'komwe kuti nyimbo zake zikufanana, koma inu khutu lanu lamva ndipo mtima wakana. Komanso sindikunamizani kuti app ndi chida chabe chimene chilibe mbali pa nkhaniyi. App iliyonse mukaitsegula imakupatsirani chinthu choyambira, ndipo chimene mwayambira ndi chimene chimalamula nyimbo yonse. Pa njinga paja munkayamba ndi mawu ndi mpweya wanu. Tsopano mukuyamba ndi biti ya munthu wina, mawu anu n'kumabwera pambuyo ngati mlendo wopempha pogona.

Tayang'anani bwino chimene chimaoneka mukatsegula app yopangira biti. Mumapeza timabokosi 16 tondondozana, ndipo mukagogoda kabokosi, ng'oma imalira pamenepo. Timabokosito tinagawidwa panayipanayi, chifukwa nyimbo zambiri za hip hop, house ndi amapiano zimayenda motero. Koma magule athu ambiri, nyimbo zapamtondo, ngakhale makolasi ena amene mumaombera m'manja kutchalitchi, zimayenda patatupatatu, ndipo pofuna kuzilemba pamafunika timabokosi 12. Nthawi zina manja amaomba kawiri pamene ng'oma yalira katatu, ndipo kukoma konse kuli pa kukokana kumeneko. Mukatenga nyimbo yobadwa patatu n'kuikakamiza kulowa m'timabokosi ta panayi, imalowa ndithu, koma imalowa itathyoka msana. Mukachita zimenezi kakhumi, mutu wanu umasiya kubala nyimbo za patatu chifukwa waphunzira kuti kulibe kozipititsa. Pamenepo ndi pamene nyimbo zimayamba kufanana.

Ine zinandionekera. Chaka china, nthawi ya chiperoni, ndinajambula mayi ena achikulire a kumudzi kwathu, kumunsi kwa phiri cha ku Likhubula, akusinja chimanga uku akuimba. Foni ndinaiika pampando, kutali pang'ono ndi mtondo kuti gaga asailowe. Munsi ukamagwa, mawu awo ankachedwa pang'ono ngati akudikira mpweya, kenako n'kuthamanga kukaupeza munsi wotsatira. Nditafika kunyumba ndinaika nyimboyo mu app, ndinayatsa chowongolera nthawi kuti kugunda kulikonse kugwere pamzere, ndinawonjezera ng'oma ndi besi, ndinawongolanso mawu. Zonse zinayera mbee. Nditapita kukawamvetsera, anamvera mpaka kumapeto ali chete, kenako anafunsa kuti, "Akuimbayo ndani?" Sanadzizindikire. Usiku umenewo ndinafufuta zonse ndinawonjezazo, n'kusiya mawu awo ndi munsi, ndipo gitala ndinaiimba ndikutsatira iwo m'malo moti iwo atsatire makina. Mpaka lero nyimbo imeneyo ndimaimvera mtima uli m'malo.

Pali china chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndicho chinenero chathu. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo. Mtengo womera m'munda ndi mtengo wa shuga pagolosale timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa timasiyanitsa. Komanso timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: tanenani kuti "ndikupita ku Mulanje" mumve mmene "la" akutalikira. Mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, alibe kudukiza kwadzidzidzi kumene mawu a Chingerezi ali nako. Ndiye mukatenga biti imene inapangidwira munthu woimba rap m'Chingerezi, mipata yake ndi yaifupi, ndipo kuti Chichewa chanu chikwanemo mumayamba kumeza mawu, kukankhira mphamvu pamalo polakwika, kapena kuthawira ku Chingerezi chifukwa ndicho chikukwana. Mukamva nyimbo imene woimba akutchula mawu a Chichewa ngati mlendo, nthawi zambiri chinenerocho amachidziwa bwino, koma biti ndi imene inayamba kufika. Mukayamba ndi mawu, kayimbidwe kamatuluka m'mawumo. Yankhulani mzere wanu mokweza katatu kapena kanayi ngati mukuuza mnzanu, ndipo mumva kuti nyimbo ilimo kale.

Chowongolera mawu chija, chimene ambiri amangochitcha Auto-Tune potengera pulogalamu imene inatuluka mu 1997, nachonso chili ndi dzanja pa nkhaniyi. Chimakokera liwu lanu ku noti yapafupi mwa manoti 12 a pa kiyibodi. M'ma app ngati Voloco kapena BandLab mumangosankha kiyi, liwu n'kuwongoka. Sindichida ayi, pa nyimbo zina chimakoma ndipo ndi chamba pachokha. Koma inu ndinu wa kwaya, mukudziwa mmene amayi amatsetserekera kuchoka pa noti ina kupita pa ina pa nyimbo ya pamaliro, kudutsa pakati pamene kiyibodi ilibe batani. Chisoni chimakhala pakati pamenepo. Mukamapeka nyimbo chowongoleracho chili choyatsa m'makutu, mumasiya kutsetsereka chifukwa chikukudulani, ndipo pang'onopang'ono mumayamba kupeka zokhazo zimene icho chikuvomera. Pekani chili chozimitsa. Mukamaliza kujambula ndiye muone ngati chikufunika, ndipo ngati chikufunika, chichepetseni mphamvu.

Tsopano ku funso lanu loti musankhe iti. BandLab ndi yaulere, imagwira pa Android ndi pa iPhone pomwe, ndipo ndi yabwino pojambula mawu ndi gitala mosanjikiza, mzere pamwamba pa mzere. Kwa munthu wa kwaya zimenezi ndi chuma: mutha kuimba soprano, alto, tenala ndi besi nokha n'kumva mmene zikugwirizanirana. Ili ndi ma loop ambirimbiri opangidwa kale (tizidutswa ta nyimbo tobwerezabwereza), ndipo apa ndi pamene muyenera kusamala, chifukwa loop imene yakusangalatsani inu yasangalatsanso anthu ena osawerengeka ku Lagos ndi ku Manila. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri zake zimafunanso intaneti, ndiye muziwerengera bandulo ndi netiweki ya kumalire kwanuko. FL Studio Mobile ndi yogula kamodzi, imagwira popanda intaneti, ndipo mphamvu yake ili pa kumanga biti ndi kulemba noti imodziimodzi. Imakuphunzitsani kuganiza ngati wopanga biti, zimene si zoipa, koma imakukokerani ku kachidutswa kafupi kobwerezabwereza. Anyamata ambiri ali ndi tizidutswa totere makumimakumi m'foni, tokoma ndithu, koma palibe kamene kanakula kufika pokhala nyimbo ya vesi ndi kolasi. GarageBand ndi yaulere koma imapezeka pa zipangizo za Apple zokha, ndipo sindikuona chifukwa chogulira foni yodula chonchi pofuna app imodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Foni muli nayoyo ikukwana.

Za ma app ngati Suno, amene umangolemba mawu ochepa iwo n'kukupangira nyimbo yonse ndi woimba yemwe, ndinena mwachidule. Ngati cholinga chanu n'kukhala mpeki, musayambire kumeneko. Mwendo umene sukuyenda umafota.

App imene ndikufuna muikonde kuposa zonsezi muli nayo kale, ndipo simunailipire: chojambulira mawu chimene chinabwera ndi foni. Ilibe biti, ilibe timabokosi, siikuuzani kiyi kapena liwiro. Imangomvera. Nyimbo ikakubwererani muli pa njinga, imani pambali pa msewu, jambulani masekondi makumi awiri, pitirizani ulendo. Mukamva mayi wogulitsa nanazi akuitana makasitomala mwanthetemya, kapena othyola tiyi akulandizana nyimbo m'mizere m'mawa, sungani kamvekedwe kameneko m'mutu, ndipo ngati mukufuna kuwajambula apempheni kaye. Musatsegule app yopangira biti mpaka mutatha kuimba nyimbo yonse, vesi ndi kolasi, ndi pakamwa ndi manja okha. Ngati singaime yokha popanda biti, sinapse.

Ikapsa, ndiye lowani mu app, koma mulowe ngati mwini nyumba. Choyamba sinthani liwiro kuti ligwirizane ndi mmene munaimbira, osati inu kutsatira nambala imene mwaipeza. Ma app ambiri ali ndi batani loti mugogode ndi chala motsatira nyimbo yanu, iwo n'kuwerengera okha liwirolo. Ngati nyimbo ikuyenda patatu, pitani pamene amasinthira kagawidwe ka nthawi musankhe 6/8 kapena 12/8, kapena musinthe timabokosi tikhale ta "triplet". Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti zimenezi zimasinthika. Ndipo nthawi zina zimitsani metronome (kaphokoso kogogoda kokusungirani liwiro), mujambule kaye ng'oma yeniyeni, chigubu, chisekese kapena kuomba m'manja kwa anzanu atatu a kwaya, zina zonse zimangidwe pamwamba pake. Gwiritsani ntchito mahedifoni a chingwe, chifukwa a Bluetooth amachedwetsa mawu ndipo mudzaimba motsalira osadziwa chifukwa chake. Kuno kwathu mvula ikayamba kugwa pa malata palibe chojambulika, choncho jambulani m'bandakucha kunja kuli zii, mutafunda bulangeti kumutu pamodzi ndi foniyo kuti mawu asamawombe makoma. Mudzatuluka thukuta, koma mawu adzamveka pafupi.

Musaiwale kumene mukukhala. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, ndipo iye ndi anzake a Chimvu River Jazz Band ankaimba ndi banjo ndi ng'oma wamba, koma mpaka lero ukangomva kachidutswa kochepa umadziwa kuti ndi iye. Zida zake zinali zochepa, ndipo kuchepako kunamusiyira malo oti iye mwini amveke. Gule wa tchopa wa Alhomwe analowa m'kaundula wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu mu 2014, ndipo mwezi wa Okutobala amavinidwa pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, pamtunda woti mutha kupita n'kubwerako tsiku lomwelo. Pitani mukaime pafupi ndi oimba ng'oma, mumvere mmene ng'oma ina ikuyankhira inzake, kenako mukayese kuzilemba m'timabokosi tija. Mudzaona nokha zimene zikukana kulowa, ndipo zokanazo ndi zimene mnyamata wa ku Atlanta kapena ku Johannesburg sangazipeze mu app yake. Sindikunena kuti musiye amapiano kapena afrobeats ngati ndi zimene mtima wanu ukukonda. Imbani, koma mulowetsemo kanthu kamene mwachokera nako kwanu.

Chenjezo limodzi pa za umwini. Mabiti a pa YouTube olembedwa kuti "free" ambiri ndi aulere pongoyeserera basi. Mukafuna kugulitsa nyimboyo, kuiika pa Boomplay kapena Spotify, kapena kuipereka ku wailesi, mwini biti amafuna mugule chilolezo, ndipo atha kuitsitsa nyimbo yanu kapena kutenga ndalama zake. Werengani zimene walemba m'munsi mwa kanemayo musanathire thukuta lanu. Nyimbo imene mawu, kayimbidwe ndi biti zonse ndi zanu mutha kukailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, popanda wokutsutsani.

Ndiye chitani izi, achimwene. Kwa milungu iwiri musatsegule app ya biti ija. Musaifufute, ingoisiyani. Bwererani pa njinga, msewu womwe uja wa ku Muloza, foni ili m'thumba la malaya. Mukapeza nyimbo zitatu, sankhani imene ikukana kuchoka m'mutu, muiimbire anzanu a kwaya mukatha mapraktisi, muone ngati wina ayamba kuyankha kolasi osauzidwa. Imeneyo ndiyo mupite nayo mu BandLab, mawu poyamba, manja pambuyo, ng'oma za makina pomaliza ngati pali malo. Mukatero nditumizireni pa imelo yomweyi zonse ziwiri, yomalizidwayo ndi ija yoyamba ya pamsewu, ngakhale mukumveka mphepo ndi kulira kwa tcheni cha njinga. Ndiyamba kumvera ya pamsewuyo.