Mwana akuloweza za chitetezo cha m'thupi koma pa mayeso zonse zikumuthawa

Amayi ena a ku Matero andilembera kuti mwana wao wamkazi ali Grade 12, akufuna kudzagwira ntchito mu labu ya chipatala koma topic ya immunity mu Biology yamukanika, amaloweza usiku wonse mawa lake mutu mbee. Abambo ake akuti angosiya za labu apite ku unesi basi. Amayiwo akufunsa kuti atani.

Amayi, mwanayo si mbuli ayi. Vuto ndi loti akuloweza mawu a m'buku ngati nkhaniyi ikuchitikira kutali, pomwe ikuchitika m'thupi mwake mwomwe. Mwanangu, tseka kaye notsi zako undimvere.

Kumbuka tsiku lomwe unadzicheka ndi mpeni ukudula tomato. Khungu ndiye mpanda woyamba, limodzi ndi mamina, misozi, malovu ndi asidi wa m'mimba. Mpanda ukang'ambika tizilombo timalowa, pamalopo pamafiira, pamatentha, pamatupa, chifukwa magazi ambiri akuthamangira pamenepo kubweretsa maselo oyera aja otchedwa ma phagocyte. Awa safunsa kuti ndiwe ndani, chilichonse chachilendo amachizungulira nkuchimeza nkuchigaya ndi ma enzyme. Mafinya omwe unkafinya tsiku lachitatu, ambiri mwa iwo ndi maselo amenewa atafa pamodzi ndi mabakiteriya. Ndiye ukaona funso la phagocytosis usachite mantha, unaionapo kale pachala chako.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa ma lymphocyte, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, ndipo apa ndikhalitsapo. Kachilombo kalikonse kali ndi chizindikiro chake pakhungu pake, ndicho antigen. Antibody ndi puloteni yomwe ma B lymphocyte athu amapanga yokwanira ndendende pa chizindikiro chimenecho, monga kiyi wa loko imodzi, ya chikuku siigwira kolera. Ndaonapo mapepala ambiri mwana walemba zonse bwino koma wasinthanitsa mawu awiriwa, mamaki onse apita, zimandiwawa kwambiri. Antigen ndi ya mdani, antibody ndi yathu. Koyamba thupi limachedwa, pamatha sabata kapena kuposa kuti ma antibody achuluke, nchifukwa chake umayamba wadwala kaye, mwanabere kutupa m'khosi kapena m'khwapa chifukwa m'menemo ndimo ma lymphocyte akuswana. Ukachira pamatsala ma memory cell, kachilombo komweko kakabweranso amakazindikira msanga mwina iwe osadziwa nkomwe kuti kanalowa.

Katemera amagwiritsa ntchito zomwezi. Yang'ana kachipsera ka BCG pamkono pako, unalandira uli wakhanda, anakupatsa tizilombo tofooketsedwa kuti thupi liphunzire popanda kudwala TB yoopsa. Imeneyo ndi active immunity chifukwa thupi lako lapanga lokha. Ma antibody omwe unalandira kwa amayi ako uli m'mimba ndi mu mkaka woyamba wachikasu uja ndi passive, unangopatsidwa, ndipo amatha pakapita miyezi popeza sasiya memory cell. Funso limeneli a ECZ, okonza mayeso aja, amalikonda.

Manje taganiza za Januwale 2024, masukulu atachedwa kutsegula chifukwa cha kolera, National Heroes Stadium itasanduka chipatala, anthu ku Kanyama ndi makomboni ena akumwa katemera wa pakamwa. Asidi wa m'mimba amapha tizilombo tambiri ta kolera koma madzi akakhala oipa kwambiri tina timadutsa kukafika m'matumbo. Olo nkhani ya CD4 yomwe tonse timaimva ku kiliniki, amenewo ndi ma helper T cell, omwe amauza maselo ena kuti yambani nkhondo. HIV imalowa mwa iwowo nkuwaononga, munthu wathanzi amakhala ndi pakati pa 500 ndi 1500 mu kadontho kochepetsetsa ka magazi, akatsika pansi pa 200 ndiye TB ndi matenda ena amapeza khomo lotsegula. Ma ARV amaletsa kachilomboko kuswana kuti asilikaliwo achulukenso.

Ndiye chita chonchi, tenga pepala ujambule nkhani ya chala chija kuyambira mpeni mpaka memory cell, kenako ufotokozere amayi ako mu Chinyanja akuphika nsima. Pomwe wakakamira ndi pomwe sunamvetse, bwerera ku buku pamenepo chabe. Ukatero ulembe mu Chingerezi, kenako ma past paper.

Kwa inu abambo, unesi ndi ntchito yabwino ndipo sindikuinyoza, koma labu si ntchito yotsalira. Dokotala ku UTH sangadziwe CD4, viral load kapena gulu la magazi a wodwala popanda munthu wa mu labu. Evelyn Hone College ili ndi diploma ya Biomedical Sciences, UNZA ili ndi digiri yake ku Ridgeway, ndipo Levy Mwanawasa Medical University nayo imaphunzitsa za umoyo. Kawirikawiri amafuna ma credit asanu kuphatikiza English, Maths ndi masayansi, ndiye Chemistry asaitaye poti akulimbana ndi Biology, ana ambiri amagwera pamenepo. Ndipo musanalipire ngwee iliyonse ku koleji ya private, funsani ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi HPCZ, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo, chifukwa popanda kulembetsa kumeneko sadzaloledwa kugwira ntchito m'chipatala ngakhale atakhoza bwanji.

Amayi, akakufotokozerani za chala chija mundilemberenso mundiuze pomwe anakakamira, tiyambire pamenepo.