Kodi mpikisano wa bass umabweza ndalama?

Achimwene, mwafunsa ngati mipikisano ya m'dera yowedza nsomba za mtundu wa bass ku America imapindulitsa. Kwa ambiri, ayi. Mumalipira yolowera, mafuta a boti ndi nyambo, ndipo mphoto imachokera m'ndalama zanu zomwezo, n'kugwera anthu ochepa apamwamba. Madola 300,000 mumamva aja ndi a wopambana pa Bassmaster Classic, mpikisano waukulu wa akatswiri, osati kudamu la kwanuko.

Kawirikawiri amayeza nsomba zisanu zamoyo. Ina ikafera m'thanki ya boti, amakuchotserani pa kulemera kwa nsomba zanu pa sikelo. Koma chimene chautsa mkangano ndi makina oonetsa nsomba pansi pa madzi, ngati LiveScope ya kampani ya Garmin, ya mu 2018: munthu amangoyang'ana pa sikirini, nsomba ikulondola nyambo. Akuluakulu amati kumeneko si kuwedza, ndipo ndikugwirizana nawo.

Ngati mulibe boti, yambani mowedzera kumbuyo kwa boti la wina. Yolowera yake ndi yotsikirapo.